Mwana Wathu Ali ku Sekondale: Kodi Akumulangiza Ndani?



Tsiku lina Lachisanu, titangotuluka mu swala ya Ijumaa, bambo ena a m'dera lathu anatikokera pambali pansi pa mtengo wa mango umene uli kuseri kwa mzikiti. M'manja mwawo munali pepala la zotsatira za mayeso a Folomu 4 a mwana wawo wamkazi. Mwanayo tinkamudziwa bwino lomwe, pakuti ndi ife amene tinamuphunzitsa kuwerenga Qur'an yolemekezeka kuyambira ali wamng'ono, ndipo pa madrassah pathu anali mmodzi wa ana ogwira zinthu msanga.

"Mwalimu, tandiwerengereni pepalali," anatero bambowo. "Aphunzitsi ake akuti wakhoza bwino. Koma kumene amafuna kukaphunzira unamwino akuti sangamutenge. Nanga kukhoza kwake ndi kuti?"

Titaliona pepalalo tinapeza kuti mwanayo anakhozadi. Chingerezi, Chichewa, Geography, Agriculture ndi Biology zonse zinali bwino ndithu. Koma masamu anangopulumukira pakhomo, ndipo Chemistry ndi Physics sanalembe n'komwe. Titamufunsa mwini wake, anatiyankha maso ali pansi kuti anasiya maphunziro awiriwo ali Folomu 3, chifukwa anzake anamuuza kuti ndi ovuta ndipo adzamuonongera mapointi. Panalibe munthu wamkulu ndi mmodzi yemwe amene anamuuza kuti unamwino umene ankaulakalaka kuyambira ku pulayimale umadalira maphunziro omwewo.

Pa sukulu pakepo panali mphunzitsi wopatsidwa ntchito yolangiza ana, koma iye sanapiteko chifukwa ankaganiza kuti kumeneko kumapita ana opalamula okha. Bambo ake ankafika pa sukulupo pokhapokha akakhala ndi ndalama zokapereka. Ifenso, amene tinkakumana naye masana ambiri kwa zaka zonsezo, tinkamufunsa za ma surah amene waloweza, koma sitinamufunsepo za maphunziro amene walembetsa. Chifukwa cha ichi tinaona kuti ndi bwino tilembe nkhaniyi, kuti zimene zinagwa pakhomo limodzi zithandize makomo ambiri.

Mphunzitsi wa uphungu ndi ndani?

M'sukulu zambiri za sekondale muli mphunzitsi mmodzi kapena awiri amene akuluakulu a sukulu amawasankha kuti aziona za uphungu. Kawirikawiri ameneyu amakhala mphunzitsi wamba amene ali ndi makalasi ake ophunzitsa, ndipo ntchito yolangiza amaisenza pamwamba pa ntchito inayo. Ena anaphunzitsidwa za uphungu, ena amangodalira nzeru za zaka zawo pa ntchito. M'sukulu zina mulibe ngakhale chipinda chapadera, kotero amacheza ndi mwana pansi pa mtengo. Komabe ngakhale zili choncho, munthu ameneyu amadziwa zinthu zimene ife makolo ambiri sitizidziwa.

Ntchito yake ili pawiri. Mbali yoyamba ndi kuthandiza mwana kusankha maphunziro ogwirizana ndi ntchito imene akufuna, kumuuza za makoleji, ndi kumuthandiza polemba mapepala ofunsira malo. Mbali yachiwiri ndi kumvetsera mwana amene mtima wake walemedwa, kaya ndi umphawi, maliro, nkhanza, mantha a mayeso kapena kunyengedwa ndi anthu akuluakulu. Mbali ziwirizi sizisiyana, pakuti mwana amene wagona ndi njala kapena akuopsezedwa sangamve masamu ngakhale mphunzitsi atakhala katswiri chotani.

Tisadzione olakwa chifukwa chosadziwa zimenezi. Ambiri a ife amene tili ndi ana ku sekondale lero tinalowa sukulu pamene boma linayambitsa maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, ndipo ambiri sitinapitirire Sitandade 8. Sukulu za masana za m'midzi, zotchedwa CDSS, zinakhazikitsidwa mu 1998, ndipo ndi zimene zabweretsa sekondale pafupi ndi midzi yathu. Choncho m'mabanja ambiri a ku Mangochi, Machinga, Salima ndi Nkhotakota, mwana amene ali Folomu 3 lero ndiye woyamba m'banjamo kufika pamenepo. Njira imene akuyendayo bambo ndi mayi ake sanaiyendepo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo wofunsidwa pa nkhaniyi ndi mphunzitsi wa uphungu.

Nkhani ya mapointi

Mayeso a Folomu 4, amene dzina lake ndi MSCE, amayendetsedwa ndi bungwe la MANEB. Phunziro lililonse limapatsidwa nambala kuyambira 1 mpaka 9. Nambala 1 ndi 2 ndi kukhoza kwapamwamba zedi. Kuyambira 3 mpaka 6 amati kirediti. Nambala 7 ndi 8 ndi kukhoza kongodutsa, pamene 9 ndi kulephera. Mapointi amapezeka pophatikiza manambala a maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wachita bwino koposa. Mwachitsanzo, mwana akapeza 2, 3, 3, 4, 4 ndi 5, ndiye kuti ali ndi mapointi 21.

Apa pali chinthu chimene chimasokoneza makolo ambiri. Pa malonda a nsomba nambala yaikulu ndiyo yabwino, koma pa mayeso awa nambala yaing'ono ndiyo yabwino. Wopeza mapointi 6 ndiye wakhoza koposa onse, ndipo wa mapointi 15 waposa wa mapointi 30.

Kuti mwana aganiziridwe malo ku yunivesite ya boma amafunika makirediti asanu ndi limodzi, ndipo Chingerezi chikhale m'gulu lomwelo. Koma zimenezi ndi khomo loyamba chabe. Maphunziro aliwonse a ku koleji ali ndi zofuna zakezake. Udokotala ndi unamwino zimafuna Chingerezi, masamu ndi sayansi monga Biology, Chemistry ndi Physics. Uinjiniya umafuna masamu ndi Physics. Zowerengera ndalama zimafunanso masamu. Motero mwana angathe kukhala ndi mapointi okoma koma n'kupeza khomo limene amafuna lili lotseka, monga zinachitikira mwana wa bambo aja. Tsogolo la mwana ku koleji limayamba kukonzedwa pamene akulowa Folomu 3 ndiponso pamene akulembetsa maphunziro a mayeso. Tsiku lotuluka zotsatira limangoulula zimene zinasankhidwa kalekale. M'mera m'poyamba.

Makomo alipo angapo

Kuyambira mu 2021 mayunivesite a boma anakwana asanu ndi limodzi. University of Malawi, imene inayamba kuphunzitsa mu 1965, ili ku Zomba. Mzuzu University ili kumpoto. LUANAR, imene inachokera ku koleji ya Bunda, imaphunzitsa zaulimi ndi zachilengedwe, kuphatikizapo ulimi wa nsomba. MUST ili ku Thyolo ndipo inatsegulidwa mu 2014. MUBAS ndi imene kale tinkaitcha Polytechnic ku Blantyre, pamene KUHeS inapangidwa pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. Kusankha ana opita m'mayunivesite amenewa kumadzera ku bungwe la NCHE, ndipo njira yakale yogawa malo potengera boma limene mwana akuchokera inathetsedwa mu 2020.

Kholo lidziwe kuti mwana sasankhidwa chifukwa chongokhoza ayi. Ayenera kufunsira malo yekha nthawi yake ikalengezedwa, kulemba maphunziro amene akufuna motsata ndondomeko, ndi kutumiza tsiku lomaliza lisanadutse. Zolengeza zimenezi zimatuluka m'nyuzipepala, pa wailesi ndi pa intaneti, ndipo mwana amene wabwerera kumudzi kukathandiza kuyanika usipa angathe kuzimva nthawi itatha. Pamenepanso mphunzitsi wa uphungu amathandiza mwana kuti asalembe maphunziro olimbiranidwa kwambiri okhaokha, koma aikepo ena amene mapointi ake angafikire.

Malo a ku yunivesite ndi ochepa poyerekeza ndi ana amene amakhoza, choncho ndi bwino banja lidziwenso makomo ena. Pali makoleji a uphunzitsi monga Domasi, Nalikule ndi Machinga, komanso Maryam Girls ku Mangochi imene imaphunzitsa atsikana uphunzitsi wa ku pulayimale. Pali Malawi College of Health Sciences ya ntchito za chipatala. Pali makoleji a ntchito zamanja monga Salima Technical College ndi Nasawa, amene maphunziro ake amayang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA: ukalipentala, zomangamanga, zamagetsi, umakaniko ndi zina. Kwa ife a m'mbali mwa nyanja palinso koleji ya zausodzi ku Mpwepwe ndi sukulu ya ntchito za pa sitima ku Monkey Bay. Mnyamata amene wakulira m'bwato ndipo amadziwa mphepo ya mwera ndi ya mpoto asaone ngati nzeru zake za panyanja zilibe sukulu yake.

Ndalama ndi mapepala

Makolo ambiri amagwa mphwayi asanayambe n'komwe, poganiza kuti koleji ndi ya ana a anthu olemera. Kunena zoona ndalama zimafunika, koma thandizo liliponso. Mu 2015 kunakhazikitsidwa bungwe la boma lopereka ngongole kwa ophunzira osowa a m'makoleji, lotchedwa Higher Education Students' Loans and Grants Board. Imeneyi ndi ngongole, ndipo mwana akamaliza amayenera kubweza kuti anzake a m'mbuyo athandizike. Banja liwerenge bwino mfundo zake lisanasaine, ndipo pamene pali funso la chipembedzo lifunse mashehe odziwa. Mabungwe a Chisilamu, monga Islamic Zakaat Fund, akhala akuthandizanso ana osowa pa maphunziro. Onsewa amafuna mapepala olembedwa bwino ndi otumizidwa pa nthawi yake.

Pa mapepala pomwepa tikuchenjezeni za mayina. Mayina athu a Chisilamu amalembedwa mosiyanasiyana. Wina alemba Yusuf, wina Yusufu, wina Usufu. Mwana akalembetsa mayeso ndi dzina lina pamene chiphaso chake cha unzika chili ndi dzina lina, amadzavutika pofunsira malo kapena ngongole, ndipo kukonza cholakwikacho kumadya nthawi ndi ndalama za maulendo. Mwana asanalembetse mayeso, khalani naye pansi ndi kuona kuti dzina, dzina la bambo ndi tsiku lobadwa zalembedwa chimodzimodzi paliponse.

Mtima wa mwana

Tsopano tione mbali yachiwiri ija. Mwana wa ku sekondale wa m'mbali mwa nyanja amakokedwa mbali zambiri. Mnyamata amaona mnzake amene anasiya sukulu akubwera kuchokera ku Joni ndi foni yodula ndi njinga yamoto, kapena akupeza ndalama usiku umodzi pa usodzi wa usipa, ndipo amayamba kudzifunsa ngati makope ake ali ndi phindu. Mtsikana amene kwawo ndi kutali ndi sukulu amachita lendi kachipinda pafupi ndi sukulu, kumadziphikira yekha popanda munthu wamkulu womuyang'anira. Ufa ukatha pakati pa mwezi, amapezeka amuna a ndalama za pa doko amene amabwera ndi mawu okoma. Ena amanyozedwa chifukwa cha yunifolomu yong'ambika, ena akulira imfa ya kholo, ena ayamba chamba.

Ana ambiri sanena zimenezi ndi pakamwa. Timazionera pa zizindikiro. Mwana amene anali wochezeka amayamba kudzipatula. Sagona tulo kapena amangogona tsiku lonse, sakudya, amakwiya msanga, amadandaula mutu kawirikawiri, ndipo zotsatira za mayeso a pa telemu zimatsika mwadzidzidzi. Ena amasiya ngakhale swala imene ankaikonda. Tikaona zotere timafulumira kunena kuti mwanayu wayamba mwano, kapena kuti amulodza, kapena kuti ndi majini. Kumupempherera mwana ndi kumuwerengera Qur'an ndi chinthu chabwino ndipo tisasiye. Koma matenda a nkhawa ndi kukhumudwa ndi matenda enieni monga malungo, ndipo chipembedzo chathu chimatilimbikitsa kufuna mankhwala tikadwala. Mphunzitsi wa uphungu angathe kutumiza mwana ku chipatala cha boma, kumene kuli anamwino ndi madokotala oona za matenda a maganizo.

Mwana akanena kuti watopa ndi moyo, kapena kuti ndi bwino atangofa, mawu amenewo tisawatenge ngati chibwana, ndipo tisamuyankhe ndi ukali kapena kumuopseza ndi moto wa Jahannam. Tikhale naye pafupi, tichotse mankhwala a mbewu ndi zingwe pamalo poonekera, ndipo tipite naye ku chipatala tsiku lomwelo. Nthawi yotuluka zotsatira za mayeso ndi yofunika kusamala kwambiri, pakuti mwana amene walephera amadziona ngati wachititsa manyazi mtundu wonse. Palinso nambala yaulere ya 116 imene mwana kapena kholo angaimbe pofuna thandizo pa nkhanza ndi mavuto ena a ana.

Mtsikana akatenga pathupi ali pa sukulu, cholakwa chachitika ndithu, ndipo khomo la kulapa Allah sanalitseke. Khomo la sukulu nalonso ndi lotseguka, pakuti kuyambira mu 1993 boma limalola mtsikana wotere kubwerera ku sukulu akabereka. Tikumbukirenso kuti kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa mwana wosakwana zaka 18. Mphunzitsi wa uphungu pamodzi ndi amayi a gulu loona za atsikana pa sukulu amadziwa njira yobwezera mwana wotere m'kalasi.

Mantha athu ngati Asilamu

Tikudziwa kuti makolo ena amakayika kulola mwana wawo kuulula zakukhosi kwa mphunzitsi amene si Msilamu. Mantha amenewa ali ndi mbiri yake. M'nthawi ya atsamunda sukulu zambiri zinali m'manja mwa mamishoni, ndipo agogo athu ankakaniza ana awo poopa kuti akasiya Chisilamu. Anateteza chikhulupiriro, ndipo tikuwathokoza, koma madera athu anatsalira pa maphunziro kwa zaka zambiri. Lero zinthu zinasintha. Ngakhale nkhani ya hijab, imene inavuta m'sukulu zina, atsogoleri a Chisilamu ndi a Chikhristu anasainirana mgwirizano mu 2021 mothandizidwa ndi bungwe la Public Affairs Committee, wolola atsikana athu kuvala hijab m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma.

Mankhwala a mantha otsalawo ndi kumudziwa mphunzitsiyo. Pitani mukamuone nkhope, mumuuze za banja lanu ndi za chipembedzo chanu. Mufotokozereni za swala ya Ijumaa ndi za mwezi wa Ramadhan, umene umasuntha ndi masiku 10 kapena 11 chaka chilichonse kotero kuti zaka zina umakumana ndi mayeso. Ndi ufulu wanu kupempha kuti mwana wamkazi azicheza ndi mphunzitsi wamkazi, kapena kuti kuchezako kuzichitikira pamalo poonekera. Mphunzitsi wabwino sangakhumudwe ndi pempho lotere.

Dziwaninso kuti mlangizi amasunga chinsinsi cha mwana, ndipo amaulula pokhapokha moyo wa mwanayo kapena wa munthu wina uli pangozi. Kholo lisakwiye nazo zimenezi. Pa mwambo wathu womwe, pali zinthu zimene mwana sanena kwa bambo ake koma kwa amalume, azakhali kapena agogo. Mlangizi wa pa sukulu akugwira ntchito yonga yomweyo m'maola amene mwana ali kutali ndi mudzi.

Gawo la madrassah ndi mzikiti

Uphungu si chinthu chachilendo m'Chisilamu. Tili ndi mawu akuti nasiha, kutanthauza malangizo ochokera pansi pa mtima. Tili ndi shura, kukambirana tisanamange mfundo. Mu Qur'an yolemekezeka muli surah yotchedwa Luqman, m'mene timawerenga za bambo wanzeru akulangiza mwana wake mwachikondi. Tili ndi swala ya istikhara yopempha Allah kuti atisankhire chabwino, ndipo munthu amaiswali atafufuza ndi kufunsa odziwa. Mwana amene akusankha maphunziro a moyo wake ayenera kupatsidwa zonsezi.

Ife aphunzitsi a madrassah tivomereze kuti mwana akangolowa sekondale nthawi zambiri timamutaya. Ena timamudzudzula kuti wasiya kubwera masana, osafunsa kuti akuweruka nthawi yanji ndipo akuyenda mtunda wotalika bwanji. Pa madrassah pathu, chichitikire nkhani ya mtsikana uja, tinayamba kukumana ndi ana a sekondale Loweruka m'mawa. Tikatha darasa timafunsa aliyense maphunziro amene akutenga ndi ntchito imene akufuna, ndipo pamene sitikudziwa yankho timamutumiza kwa mphunzitsi wa uphungu wa pa sukulu pake. Pa tchuthi timapempha achinyamata a m'dera lathu amene ali ku koleji kuti adzacheze ndi ang'ono awo. Mtsikana akamva kuchokera kwa mkulu wake wovala hijab amene akuphunzira za chipatala, amakhulupirira msanga kusiyana ndi kumva kwa ife. Makomiti a mizikiti angathenso kukumbukira ana otere pogawa zakaat ndi sadaka, pakuti nthawi zina chimene chatsekereza mwana ndi ndalama yolembetsera mayeso kapena ya ulendo basi.

Tibwerere kwa bambo aja. Tsiku lomwelo tinagwirizana zopita nawo ku sukulu, ndipo Lolemba lake tinakakumana ndi mphunzitsi wa uphungu, mayi wodekha amene anatilandira bwino. Anamuuza mwanayo njira ziwiri: kufunsira uphunzitsi ndi zotsatira zimene anali nazo, kapena kubwerera m'kalasi kukaphunzira masamu, Chemistry ndi Physics ndi kulembanso mayeso. Mwanayo anapempha kuti akaganize, ndipo patatha sabata anasankha kubwereza. Bambo ake anagulitsa mbuzi ziwiri kuti alipire. Pamene tikulemba pano akuwerenga, ndipo tikumupemphera kwa Allah kuti amufewetsere. Potuluka pa sukulupo bambowo anatiuza kuti, "Mwalimu, zaka zinayi ndakhala ndikudutsa pa khomo la mayi amenewa osadziwa kuti ndingathe kugogoda."

Choncho pempho lathu kwa inu bambo, mayi, amalume ndi agogo amene mukulera mwana wa sekondale ndi ili: telemu ino isanathe, patulani m'mawa umodzi mupite ku sukulu. Kafunseni kuti mphunzitsi wa uphungu ndi uti. Mufunseni maphunziro amene mwana wanu akutenga, ngati akugwirizana ndi ntchito imene akufuna, ndi m'mene akumuonera pa khalidwe ndi pa mtima. Ngati simudziwa kuwerenga, tengani mwalimu kapena m'bale wina akuperekezeni. Mukabwerako, dikirani swala ya Isha ithe, mukhale pa mphasa ndi mwanayo, mumufunse zimene akufuna kudzakhala, ndipo mumulole amalize kulankhula musanamuyankhe.

Allah awapatse ana athu nzeru zopindulitsa ndi mitima yodekha, ndipo ife makolo atipatse chipiriro chowamvetsera.